Phunziro la Chisanu ndi Chimodzi: Kufufuza ndi Kukonza Vuto la Mausi m'Chinyanja

Cholinga cha phunziro

Pakutha pa phunziro ili, mphunzitsi akhale wokhoza kutsogolera ana pofufuza chimene chalepheretsa mausi kugwira ntchito, kukonza zimene zingakonzeke pasukulu pomwepo, ndi kufotokoza zonsezo m'chilankhulo chimene anawo anayamwira.

Chifukwa chake tasankha mutu uwu

Alipo makolo, ngakhalenso aphunzitsi ena, amene amati Chinyanja n'chabwino pa nthano ndi pa miyambi koma pa nkhani za makina chimaperewera. Maganizo otere si atsopano. Kuyambira 1993 mpaka 1997 dziko la Mozambique linayesa maphunziro a zilankhulo ziwiri pa ntchito yotchedwa PEBIMO, ndipo Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza ndizo zinayamba. Mu 2003 maphunzirowa analowa m'sukulu za boma. Ndondomeko ya maphunziro imalola chilankhulo cha mwana kukhala chophunzitsira, kukhala phunziro palokha, ndiponso kukhala chothandizira pamene Chipwitikizi chamukanika mwana. Phunziro lathu likuyesa ngati chilolezo chimenechi tingachifikitse mpaka patebulo la kompyuta.

Chifukwa china n'cha thumba. M'mbali mwa nyanja muno, kuyambira ku Meluluca, kudzera ku Metangula ndi ku Messumba mpaka ku Cóbuè, sukulu yokhala ndi makompyuta ochepa siingapirire kuti imodzi igone mwezi wathunthu podikira munthu wopita ku Lichinga, ulendo woposa makilomita 100 kuchokera ku Metangula. Nthawi zambiri chimene chaigoneka kompyutayo ndi kamchenga kapena kawaya kamodzi.

Tigwirizane mayina

M'mabuku a Chipwitikizi chipangizochi ndi rato. Abale athu kutsidya kwa nyanja amati mausi. Ana ena akangochiona amati mbewa, ena khoswe, ndipo onsewo sakulakwa: amene anachipanga anachitcha dzina la kanyamaka poona chingwe chake ngati mchira. Douglas Engelbart ndi Bill English anapanga choyamba mu 1964 ku Stanford Research Institute, kabokosi kamtengo kokhala ndi magudumu awiri, ndipo anachionetsa kwa anthu ku San Francisco pa 9 December 1968.

Tisawapatse ana mndandanda wa mayina wopangidwa kale. Tiwapatse mausi m'manja, aitembenuze, atchule okha ziwalo zake, ife tilembe pabolodi. Mayina amene kalasi ingagwirizane ndi onga awa: batani lakumanzere, batani lakumanja, kagudumu, diso la pansi, chingwe, mutu wa chingwe, chibowo cha USB, ndi kamuvi kamene kamayenda pagalasi. Pambali pa dzina lililonse tilembe la Chipwitikizi, pakuti adzakumana nalo m'mabuku. Dzina limene kalasi yasankha tisalisinthe pakati pa phunziro.

Mmene mausi imagwirira ntchito

Munthu sakonza chinthu chimene sadziwa mayendedwe ake. Mausi zambiri zamasiku ano zili ndi kanyali pansi kamene kamawalitsa tebulo, ndi diso limene limajambula tebulolo kopitirira ka 1,000 pa sekondi imodzi. Poyerekeza chithunzi ndi chinzake, mausi imadziwa kumene dzanja lalowera ndipo imauza kompyuta kuti isunthe kamuvi. Mtundu uwu unafala kuyambira 1999. Zakale zinali ndi kampira pansi, kamene kamazunguza timipini tiwiri, kena ka m'mbali, kena ka kutsogolo ndi kumbuyo.

M'chingwe cha USB muli mawaya anayi. Kawirikawiri wofiira ndi wakuda amanyamula magetsi a mavoti 5, woyera ndi wobiriwira amanyamula uthenga. Pansi pa batani lililonse pali kaswichi kokhala ndi kachitsulo kopyapyala, ndipo ndiko kamalira tikadina.

Choncho uthenga umadutsa malo asanu: tebulo, diso, chingwe, chibowo, kompyuta. Vuto lili pa amodzi mwa malo amenewa.

Malamulo awiri a wofufuza

Ana a kunyanja amadziwa kale kafufuzidwe. Injini ya boti ikakana kulira, msodzi wanzeru saimasula yonse; amayamba waona mafuta, kenako paipi, kenako pulagi. Tifunse ana kuti alongosole ndondomeko imeneyi m'mawu awo, ndipo kuchokera m'mayankho awo titulutse malamulo awiri. Loyamba: yamba ndi chapafupi. Lachiwiri: sintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Tikasintha chibowo ndi tebulo nthawi imodzi mausi n'kuchira, sitidziwa chimene chinali cholakwika, ndipo mawa vuto likabwerera tidzayambiranso pachiyambi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zizindikiro ndi zoyambitsa

Kamuvi kakaima osasuntha konse, tione ngati mutu wa chingwe walowa bwino, kenako tiyese chibowo china. Zikakanika, titengere mausiyo ku kompyuta ina. Ikagwira kumeneko, ndiye kuti mausi ilibe mlandu, vuto lili ku kompyuta yoyamba, ndipo tiyambe n'kuizimitsa n'kuiyatsanso. Ikakana konse kuwiri, vuto ndi lake. Kusawala kwa kanyali kokha si umboni wokwanira, chifukwa mausi zina zili ndi kuwala kosaoneka ndi maso. Mausi yakale ya mutu wozungulira wobiriwira, wa PS/2, tiilumikize kompyuta ili yozima, kenako tiyatse.

Kanyali kakamayaka n'kuzima pamene tikupinda chingwe, waya waduka m'kati, makamaka pamene chingwe chimalowera m'mausi. Timasule, tidule chigawo chovulalacho, tilumikize mawaya mtundu ndi mtundu wake pomata ndi mtovu. Sukulu ikakhala yopanda chowotcherera, wokonza mafoni kapena mawayilesi pamsika angathandize.

Kamuvi kakamanjenjemera kapena kudumpha, tiyang'ane diso. Mchenga, tsitsi ndi nyerere zimabisala pamenepo, makamaka nyengo ya mwera pamene fumbi limalowa m'makalasi. Tipukute ndi thonje louma pakamtengo. Tebulo lagalasi kapena lonyezimira limasokoneza diso. Tiyale pepala losalemba kapena katoni. Mausi ya kampira tiitsegule pansi, titsuke kampirako n'kukaumitsa, tipale litsiro pa timipini.

Batani likamadina kawiri ife tadina kamodzi, kapena likafuna kukanikiza mwamphamvu, kaswichi kada kapena katha. Dontho la spiriti pakaswichi, n'kudinadina, n'kudikira kuti paume, nthawi zina limathandiza. Zikakanika, tichotse kaswichi m'mausi ina yakufa. N'chifukwa chake mausi yakufa sitaya: ndi nkhokwe ya zingwe ndi maswichi.

Kagudumu kakamalumpha mizere, tsitsi kapena ulusi wakulunga pa mpini wake.

Mausi yopanda chingwe ili ndi mafunso atatu oyamba: kaswichi ka pansi n'koyatsa? Batire lili ndi moto ndipo laloza koyenera? Kachipangizo kolandira uthenga kali m'chibowo? Chinyontho cha kunyanja ndi madzi a batire lokhalitsa zimachititsa dzimbiri pa tizitsulo togunda batire. Tipale pang'onopang'ono mpaka tiwale.

Zochenjeza

Mausi izulidwe ku kompyuta isanamasulidwe. Madzi asalowe m'kati. Mwana asayang'anitsitse m'diso la mausi ili yoyaka. Bokosi la kompyuta ana asalitsegule. Tisikuluwu tina timabisala pansi pa pepala lomatidwa kapena pansi pa timapazi. Tisakakamize chivundikiro tisanatipeze, ndipo tiziike m'kambale kuti tisasowe.

Ntchito ya m'magulu

Phunziro lisanayambe, mphunzitsi abise vuto limodzi pa gulu lililonse: amate kapepala pa diso, atembenuze batire, azule chingwe pang'ono, kapena aike mausi pagalasi. M'gulu la ana anayi, mmodzi ayese, wina alembe, wina afunse chifukwa, wina adzafotokozere kalasi. Maudindo asinthane, ndipo atsikana agwire chipangizo mofanana ndi anyamata. Asanakhudze kanthu, gulu linene chimene likuganiza. Pabolodi pakhale ziganizo zowathandiza:

Taona kuti…
Tikuganiza kuti vuto lili pa… chifukwa…
Ngati tisintha… kamuvi n'kuyenda, ndiye kuti…
Tayesa… koma sizinasinthe, choncho…

Phindu lenileni la phunziroli lili m'mawu awa: ngati, chifukwa, choncho, ndiye kuti. Mwana amene sanakhwime m'Chipwitikizi amatha kuloweza mayina a ziwalo koma osanena chifukwa chake akukayikira chingwe. M'Chinyanja amatsutsana ndi mnzake, amapereka umboni, amasintha maganizo. Akatero, tibwereze ziganizo zomwezo m'Chipwitikizi, kuti mawu atsopanowo apeze ganizo lili kale m'mutu.

Kuyesa ana

Tisayese ndi liwiro la kukonza. Mwana amene wapeza vuto mwamwayi sanaphunzire kuposa amene sanalipeze koma wachotsa zinthu zitatu zokayikitsa mwa ndondomeko. Funso labwino ndi ili: mausi ya Chikondi ikukana pa kompyuta yake koma ikugwira pa ya mnzake, ndipo ya mnzakeyo ikukananso pa kompyuta ya Chikondi. Vuto lili kuti, ndipo mwadziwa bwanji?

Ntchito ya mphunzitsi wophunzira

Lembani tsamba limodzi m'Chinyanja, lokhala ndi masitepe osapitirira asanu ndi awiri, loti likhomedwe pafupi ndi kompyuta ya pasukulu panu. Mupatse mwana wa kalasi yachisanu ndi chimodzi aliwerenge n'kulitsatira inu muli chete. Pamene waima mokayika, ikani chizindikiro, konzani chiganizocho, ndipo mubwere ndi masamba onse awiri, loyamba ndi lokonzedwa, ku msonkhano wotsatira.