Kuphunzitsa Kadzalidwe ka Mitengo ya Zipatso Yosiyanasiyana Pakhomo

Pamene tinali kuyendera ophunzira athu amene anali kuyeserera uphunzitsi pa sukulu ina ya pulaimale ku Likuni, tinaona chinthu chotimvetsa chisoni. Kuseri kwa kalasi kunali mitengo ya mango isanu ndi umodzi yodzalidwa motalikirana mita imodzi yokha. Mitengoyo inali itatalika ngati nsungwi, yopanda chipatso, ndipo mapapaya amene anadzalidwa pakati pake anali atafota chifukwa cha mthunzi. Tiyenera kuvomereza kuti cholakwa chinali chathu. Ku koleji timaphunzitsa kukumba dzenje ndi kuthira manyowa, koma timaiŵala kuphunzitsa kayalidwe ka munda wonse. Paja akulu anati mmera mpoyamba.

Nkhaniyi ndi yofunika chifukwa ana ambiri a ku Likuni, Chinsapo, Kawale ndi Biwi amakhala pa mapuloti aang'ono. Banja likalakwitsa podzala, limazindikira patapita zaka zisanu, malo ndi nthaŵi zitatayika kale.

Cholinga cha phunziro

Pomaliza phunziroli, mwana wa Sitandade 6 kapena 7 athe kufotokoza ubwino wosakaniza mitengo ya zipatso, ndiponso kujambula pulani ya munda wa kwao.

Ubwino wosakaniza

Mphunzitsi ayambe ndi funso losavuta: “Kodi ndi mwezi uti umene kwanu simudya chipatso?” Alembe miyezi yonse 12 pa bolodi, ndipo ana atchule zipatso zimene zimapsa m'mwezi uliwonse. Kuno ku Lilongwe mango amachuluka kuyambira Novembala mpaka Januwale. Magwafa ndi mapeyala amatsatira m'miyezi ya mvula yomaliza, malalanje ndi manachesi amabwera nthaŵi yozizira, pamene nthochi ndi mapapaya zimapezeka pafupifupi chaka chonse ngati zithiriridwa. Ana adzaona okha kuti khomo lokhala ndi mango okhaokha limadya zipatso miyezi itatu basi. Pamenepo mphunzitsi aonjezere kuti mango ndi mapapaya akupsa amapatsa thupi vitamini A wothandiza maso, pamene magwafa ndi malalanje ali ndi vitamini C wambiri.

Malamulo atatu a kayalidwe

Loyamba ndi la mpata. Mtengo wa mango kapena wa mapeyala umafuna mamita 8 mpaka 10. Malalanje, mandimu ndi magwafa mamita 5 mpaka 6. Nthochi ndi mapapaya mamita 2 mpaka 3. Ana atuluke panja ndi chingwe chokhala ndi mfundo pa mita iliyonse, mmodzi aime pakati ngati mtengo, anzake alembe bwalo la nthambi zake pansi.

Lachiŵiri ndi la dzuŵa. Popeza Malaŵi ali kumwera kwa ikweta, m'miyezi yozizira dzuŵa limadzera chakumpoto ndipo mthunzi umagwera kumwera. Tsono mitengo ikuluikulu idzalidwe kumalire a kumwera, ifupiifupi kumpoto. Ikuluikuluyo italikirenso nyumba ndi chimbudzi chifukwa cha mizu yake.

Lachitatu ndi la nthaŵi. Papaya amabereka chaka chisanathe kapena chitangotha, mango omezanitsa pakatha zaka zitatu kapena zinayi, pamene mango odzala njere amachedwa kuposa apo. Choncho mapapaya angathe kudzalidwa m'mipata ya mango ndi malalanje akadali aang'ono, n'kudzaŵadula mthunzi ukafika. Nthochi ziikidwe kumene kumatsikira madzi a kubafa, pakuti zimakonda chinyontho.

Ntchito ya m'magulu

Gulu lililonse lipatsidwe pa pepala malo a mamita 12 m'litali ndi 10 m'lifupi, sentimita imodzi iimire mita imodzi. Ana aikemo mitengo yosachepera mitundu inayi. Ambiri adzafuna kuikamo mango atatu, koma chingwe chija chidzaŵaonetsa kuti malowo akwana mango amodzi pakona, lalanje kapena gwafa mmodzi, mapapaya atatu ndi phata limodzi la nthochi. Apa masamu ndi zaulimi zakumana m'phunziro limodzi.

Zoyenera kuchenjeza

Tisabise kwa ana kuti kusakaniza kuli ndi vuto lake. Ntchentche za zipatso, zimene zimaikira mazira m'mango, zimasamukira ku magwafa ndi malalanje nyengo ya mango ikatha. Zipatso zakugwa zitoledwe ndi kukwiriridwa mozama. Nthochi zopinimbira ndi matenda a chisaka zizulidwe ndi phata lomwe, ndipo mbeu yake isapatsidwe kwa mnansi. Udzu wophimbira pansi usakhudze tsinde, kuopa chiswe.

Nthaŵi yophunzitsira

Phunziroli liperekedwe mu Okutobala kapena Novembala, kuti maenje a masentimita 60 m'litali, m'lifupi ndi kuya akumbidwe mvula isanagwe. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo. Mwana aliyense apite ndi pulani yake kunyumba, akakambirane ndi makolo, ndipo adzafotokoze m'kalasi zimene anagwirizana. Ifenso tasintha kaphunzitsidwe kathu ku koleji: wophunzira wathu sagwira khasu asanationetse pulani yake.