Phunziro la Sabata Ino: Shuga Akakwera pa Thupi Lodwala Kale

Buku loyamba la Mafumu, mutu 19, likusimba za mneneri Eliya pa tsiku limene mphamvu zidamuthera. Adali atathawa Yezebele, nasiya mnyamata wake ku Beereseba, nayenda tsiku lathunthu m'chipululu. Kenaka adakhala pansi pa kamtengo, napempha Mulungu kuti angomutenga, nagona tulo. Mngelo amene adabwera sadamudzudzule, ndipo sadamulalikire. Adamudzutsa, namuwonetsa buledi ndi mtsuko wa madzi. Eliya adadya nagonanso, mpaka mngelo adachita kubwera kachiwiri, chifukwa ulendo wa ku phiri la Horebu udali wautali.

Kutopa kotereku akukudziwa bwino Akhristu a m'parishi muno amene akudwala shuga pamodzi ndi matenda ena. Nkhani yake imayenda chonchi kawirikawiri: mayi wakhala akumwa ma ARV zaka zambiri osaphonya, kenaka amupeza ndi BP, patapita nthawi shuga, chaka chino TB. Matenda aliwonse ali ndi tsiku lake kuchipatala, mzere wake ndi ndalama yake ya minibasi. Munthu akatopa amayamba kusankha mankhwala oti asiye, ndipo oyamba kutsala m'kabati ndi a shuga, popeza shuga sapweteka msanga. Amadya maso, impso, mitsempha ndi mapazi mwakachetechete, kwa zaka.

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2288, pansi pa lamulo lachisanu, akuphunzitsa kuti moyo ndi thanzi ndi mphatso zimene Mulungu adasungitsa munthu, ndipo munthu ayenera kuzisamala mwanzeru. Wodwala amene shuga wamupulumuka sakuweruzidwa pamenepa. Akudzutsidwa kachiwiri, monga Eliya uja.

Choyamba kudziwa n'chakuti shuga sakwera chifukwa cha kudya kokha. Thupi likamalimbana ndi malungo, TB kapena chilonda, limatulutsa michere imene imalepheretsa insulini kugwira bwino ntchito, ndiye shuga amakwera ngakhale munthu akudya pang'ono. Shuga wokwerayo amafooketsanso chitetezo cha m'thupi: wodwala shuga amagwidwa ndi TB mosavuta, kawiri kapena katatu kuposa amene alibe shuga. Matenda awiriwa amakankhana ngati ana pa katungwe, ndipo kuchiza amodzi n'kusiya ena ndi kutaya nthawi.

Mankhwala nawonso amakumana m'thupi limodzi lomwelo. Rifampicin, amene ali m'gulu la mankhwala a TB, amachititsa chiwindi kuphwanya msanga glibenclamide, motero shuga akhoza kukwera pa miyezi yonse ya mankhwala a TB. Prednisolone, amene amaperekedwa pa mphumu ndi matenda ena otupa, amakweza shuga kwambiri. Dolutegravir, amene ali m'ma ARV omwe anthu ambiri m'Malawi adayamba kulandira mu 2019, amachulukitsa metformin m'magazi, ndiye adokotala amayenera kuwonanso mlingo wake. Metformin yemweyo amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Impso zikafooka mlingo umachepetsedwa, zikafookeratu amasiyidwa. Palinso Brufen ndi Indocid, amene anthu amagula pagolosale ngati maswiti msana ukawawa, koma amawononga impso zomwe shuga ndi BP zayamba kale kuzitopetsa. Makina otsuka magazi a m'zipatala za boma, monga ku Kamuzu Central ndi ku Queen Elizabeth, ndi ochepa, ndipo odikira ndi ambiri.

Izi sizikunenedwa kuti wina asiye ma ARV kapena mankhwala a TB. Ayi ndithu. Zikunenedwa kuti wodwala azitenga mankhwala ake onse, ndi a zitsamba omwe, m'kathumba kamodzi, pamodzi ndi kabuku kamodzi ka kuchipatala, n'kuwonetsa dokotala aliyense amene akumane naye. Alipo amene amasunga mabuku awiri, lina la ma ARV lobisa pansi pa sutikesi, lina la shuga. Manyazi akewo ndi omveka, koma dokotala amene wawona theka la nkhani amalemba theka la chithandizo. Mphunzitsi Sira, pa mutu 38, akulangiza wodwala kupemphera ndiponso kumpatsa malo sing'anga, popeza luso lake ndi lochokera kwa Mulungu. Kumpatsa malo kumayamba ndi kumuuza zoona.

Kubwezeretsa shuga m'malo mwake kumafuna manambala, osati kungomva m'thupi. Kwa akuluakulu ambiri, shuga woyezedwa asanadye ayenera kukhala pakati pa 80 ndi 130 mg/dL, kapena 4.4 ndi 7.2 pa makina owerenga mu mmol/L. Kuyeza kwa HbA1c kumawonetsa mmene shuga wayendera pa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo ambiri amalangizidwa kukhala cha m'ma 7 peresenti. Koma kwa wokalamba, kapena wodwala mtima ndi impso, dokotala akhoza kulola 8, chifukwa kwa iyeyo shuga wotsikitsa ndi woopsa msanga kuposa wokwera pang'ono. Choncho si nzeru kufananiza manambala ndi mnzako wa pa benchi la kwaya, ndipo n'kulakwa kwenikweni kubwerekana mapiritsi. Wina akauzidwa kuti ayambe jakisoni wa insulini asamve ngati wapatsidwa chilango kapena wafika kumapeto. Insulini adayamba kupulumutsa anthu mu 1922 ku Toronto, ndipo nthawi zina amaperekedwa kwa miyezi yochepa chabe, matenda enawo akamavuta.

Pa zakudya, nsima sinaletsedwe. Nkhani ili pa kukula kwa mtanda. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, komabe mitanda itatu ya mgaiwa imakweza shuga ndithu. Theka la mbale likhale masamba, nkhwani, mpiru, bonongwe kapena therere, a mchere wochepa chifukwa cha BP. Zimene zimakweza shuga mwachangu ndi zakumwa: Sobo, thobwa, maheu, tiyi wa masipuni atatu. Uchi nawo ndi shuga, ngakhale wogulitsa alumbire bwanji. Apa wodwala impso asamale, chifukwa nthochi, mapeyala ndi nyemba, zimene ena amalimbikitsidwa kudya, iye akhoza kuuzidwa kuzichepetsa. Malangizo a pa WhatsApp sadziwa impso za munthu.

Tsopano za m'tchalitchi, pamene anthu a chikhulupiriro cholimba amadzivulaza osadziwa. Munthu wamwa glibenclamide kapena wabaya insulini m'mamawa, sanadye kanthu poti akalandira Ukaristia, wayenda wapansi kuchokera kunyumba, ndipo Misa yatalika. Pofika nthawi ya zolengeza wayamba thukuta, kunjenjemera, chizungulire, kuyankhula zosamveka. Ameneyo shuga watsika, mwina pansi pa 70 mg/dL. Ngati akutha kumeza, apatsidwe masipuni ang'onoang'ono atatu a shuga osungunula m'madzi, kapena theka la botolo la chakumwa chotsekemera, n'kubwerezanso pakatha mphindi 15 ngati sanatsitsimuke, kenaka adye chakudya. Ngati wakomoka asathiridwe kanthu m'kamwa. Agonekedwe cham'mbali n'kuthamangira naye kuchipatala. Kumupempherera n'koyenera, koma galimoto ikuyenda.

Mpingo sudapemphe nsembe yotereyi. Malamulo a Mpingo a mu 1983, pa Kanoni 919, amafuna kusala kwa ola limodzi lokha munthu asanalandire Ukaristia, ndipo madzi ndi mankhwala siziswa kusalako. Ndime yachitatu ya kanoni yomweyo imalola okalamba, odwala ndi owasamalira kulandira ngakhale adya m'kati mwa olalo. Kusala kwa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera kumakhudza a zaka 18 kufikira 59, ndipo odwala samangidwa nako. Amene wauzidwa kwina kuti asale masiku atatu osadya, kapena ataye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro, adziwe kuti zimenezo si chiphunzitso cha Mpingo. Sakramenti la Kudzoza Odwala nalonso si la munthu amene akutsirizika yekha. Wodwala kwambiri akhoza kulipempha kwa ansembe, ndi kulilandiranso matenda akakula, uku akumwabe mankhwala ake.

Eliya sadaphike yekha buledi uja; adamupeza ali pafupi ndi mutu wake. Ku mphakati alipo odwala amene maso awo sawonanso tizilembo ta pa botolo, ena sangathe kuwerama kuti aone pansi pa phazi ngati pali chilonda, chikhalirecho wodwala shuga ayenera kuyang'ana mapazi tsiku lililonse. Ena adaphonya masiku awo a kuchipatala miyezi ingapo yapitayo ndipo akuwopa kukakalipiridwa, akungofuna wowaperekeza. Pa msonkhano wa mphakati sabata ino, akamaliza kuwerenga za Eliya, Akhristu akambirane: ndani m'dera mwawo amene wasiya kupita kuchipatala, nanga angamufikire ndani popanda kuulula matenda ake pagulu? Akambiranenso za zakumwa zimene zimagulidwa pa zikondwerero za mphakati, ngati pamakhala botolo la madzi la munthu amene sangamwe Fanta.