Mizu ya tomato yatupa: kodi pali mbewu yopirira?

Funso: Alangizi, tomato wanga amafota masana ngakhale ndithirire. Nditazula, ndinapeza mizu ili ndi timfundo ngati mikanda. Ndamva kuti pali mbewu yopirira vutoli. Kodi ndi ija yosinthidwa majini?
Mlimi, Ntcheu

Yankho: Timfundoto timayamba ndi manematodi, tinyongolotsi tosaoneka ndi maso ta mtundu wa Meloidogyne. Tinyongolotsiti timalowa m'mizu n'kumayamwa chakudya, ndipo muzu ukatupa madzi sakweranso bwino.

Tomato wopirira alipo, ndipo pa paketi yake pamalembedwa N. Ali ndi jini ya Mi yochokera ku tomato wakutchire wa ku South America, yomwe inalowetsedwa pokwatitsa mbewu m'zaka za m'ma 1940, osati posintha majini m'labotale. Jiniyi imapha timaselo tozungulira pomwe kanyongolotsi kalowa, motero kamasowa chakudya. Chodandaulitsa n'chakuti imafooka nthaka ikatentha kupitirira madigiri 28.

Kusintha majini kwenikweni kwayesedwa pa nthochi ku Uganda, komwe akatswiri a bungwe la IITA ndi yunivesite ya Leeds anaikamo jini ya chimanga yopanga cystatin, puloteni yolepheretsa nyongolotsi kugaya chakudya.

Mbewu yokha siikwanira. Mlimi azule ndi kutentha mizu yodwala, asatenge mbande ku nazale yogwidwa, ndipo athire manyowa ambiri. Pamalopo adzale chimanga kapena mapira nyengo ziwiri kapena zitatu, osati fodya, therere kapena mabiringanya. Tomato akamafota mizu ili yosalala, vuto ndi lina: mlangizi wa m'deralo aone msanga chomeracho ndi dothi lake.