Phunziro: Mwana wathu namwino akafuna kupita kunja

Kuwerenga: Rute 1:1-7 ndi 19-22, Luka 14:28-30

M'maparishi athu ambiri muli makomo amene anagulitsa mbuzi, mtedza ngakhale njinga kuti mtsikana amalize maphunziro a unamwino, wina ku St Luke's ku Malosa, wina ku Kamuzu College of Nursing imene kuyambira 2021 ili pansi pa yunivesite ya KUHeS. Mtsikana wamaliza, walembetsa ku bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba, koma ntchito ya boma sikutuluka msanga. Anzake amene anapita ku Britain akumutumizira zithunzi pa foni. Tsiku lina akubwera kwa inu n'kunena kuti, "Amayi, nanenso ndikufuna kupita." Nthawi zambiri mtsikana ameneyu sali yekha. Ali ndi mwamuna, kapena ali pa chitomero, ndipo mwamunayo nayenso ali ndi ntchito yake imene akuikonda. Phunziro lathu likufunsa kuti ife amayi timuyankhe bwanji.

Tiyambe ndi banja la Elimeleki. Ku Betelehemu kunagwa njala, ndipo iye ananyamuka ndi mkazi wake Naomi ndi ana awo awiri kupita ku Moabu. Baibulo siliwadzudzula chifukwa chochoka kwawo. Njala ndi njala, ndipo munthu wofunafuna chakudya cha ana ake sanachimwe. Tisamutenge mwana wathu ngati wothawa dziko lake kapena wokonda ndalama. Koma taonani kuti anapita ngati alendo okakhala kanthawi, ndipo kanthawiko kanakwana zaka pafupifupi khumi. Ana anakwatira akazi a komweko. Elimeleki anamwalira, anawonso anamwalira, ndipo Naomi pobwerera anapempha kuti azitchedwa Mara chifukwa cha kuwawa kwa moyo wake. Palibenso pamene tauzidwa ngati Elimeleki anayamba wakhala pansi ndi Naomi kumufunsa maganizo ake. Mwina anatero, mwina ayi, koma amene anasenza zotsatira zake ndi Naomi.

Ife a ku Malawi nkhaniyi tikuidziwa. Agogo athu aamuna ankapita ku Joni ndi ku Halale, ena pa Wenela, ena pa Theba, akunena kuti abwera pakatha zaka ziwiri. Ena anabweradi ndi njinga ndi wailesi. Ena anasanduka matchona. Kusiyana kwake lero n'kwakuti wonyamuka ndi mkazi, ndipo wofunsidwa kuti atsale kapena atsatire ndi mwamuna. Miyambo yathu sinatikonzekeretse zimenezi, n'chifukwa chake mabanja ambiri amangokhala chete mpaka tikiti itagulidwa.

Ambuye Yesu, m'ndime ya Luka ija, akuphunzitsa kuti womanga nsanja ayambe wawerengera mtengo wake, kuopa kusiyira pa maziko anthu n'kumamuseka. Tsono tiyeni tiwerengere, pakuti ambiri a ife timangomva za mapaundi. Namwino wa kuno sangayambe ntchito ku Britain tsiku limene wafika. Ayenera kulembetsa ku bungwe la anamwino la kumeneko lotchedwa NMC. Ngakhale anaphunzira m'Chingerezi, kawirikawiri amafunsidwabe mayeso a chiyankhulo, a IELTS kapena OET, kenaka mayeso a pa kompyuta, ndipo akafika kumeneko pali mayeso ena oonetsa luso la ntchito otchedwa OSCE. Zonsezi zimafuna ndalama ndi miyezi, ndipo ena amabwereza. Si pepala lililonse la unamwino limene bungwelo limalandira, choncho mwana afunse za pepala lake asanayambe kuwononga ndalama. M'chaka cha 2025 namwino woyamba kumene ntchito m'zipatala za boma za ku England ankalandira pafupifupi mapaundi 31,000 pa chaka asanadule msonkho. Mukaisintha m'makwacha, mutu umazungulira. Koma kumeneko lendi, magetsi otenthetsera nyumba ndi wolera mwana zimalipiridwa m'mapaundi omwewo, ndipo kulibe mlamu kapena agogo oti n'kuwasiyira khanda. Walira mvula walira matope.

Palinso chinthu chimene amayi tiyenera kuchidziwa kuti ana athu asaberedwe. Malawi ali pa mndandanda wa bungwe la WHO wa mayiko amene ali ndi ogwira ntchito za umoyo ochepa kwambiri, ndipo Britain anavomera kuti asamakope anamwino kuchokera ku mayiko otere. Namwino payekha saletsedwa kufunsira ntchito, koma munthu wobwera n'kunena kuti ndi nthumwi yolemba anthu, perekani mamiliyoni akuti, ameneyo muchenjere naye. Zipatala za boma kumeneko sizigulitsa ntchito. Ena anapita pa chitupa chosamalira okalamba poganiza kuti adzasintha akafika. Kuyambira March 2024 opita pa chitupa chimenecho analetsedwa kutenga mabanja awo, ndipo mu July 2025 njirayo inatsekedwa kwa ofunsira ali kunja. Malamulo amenewa amasinthasintha, ndiye zimene anauzidwa mwana wa mnzanu zaka zitatu zapitazo musazitenge ngati za lero.

Koma mtengo waukulu suli m'mapaundi, uli pa mwamuna uja. Tiyerekeze kuti ndi mphunzitsi wa ku sekondale amene watsala pang'ono kukwezedwa, kapena akuchita digiri yake madzulo, kapena wangoyamba bizinesi. Akatsatira mkazi wake amaloledwa kugwira ntchito, koma mapepala ake a kuno sangamulowetse m'kalasi nthawi yomweyo. Ambiri amayamba ndi kunyamula katundu m'nyumba zosungiramo katundu kapena kugwira usiku, kuti mmodzi azikhala ndi ana pamene wina ali ku ntchito. Amakumana pakhomo, uyu akulowa uyo akutuluka. Bambo amene kuno ankatchedwa aphunzitsi, kumeneko chitupa chake chokhalira m'dzikomo chadalira ntchito ya mkazi wake. Alipo abambo amene amalandira zimenezi ndi mtima woyera, ndipo Mulungu awadalitse. Alipo enanso amene anavomera ndi pakamwa pokha, ndipo mkwiyo wawo umadzatulukira pa zinthu zazing'ono, monga amene watsuka mbale kapena ndalama zotumiza kwa apongozi ati. Akasankha kutsala kuno, banja lasanduka la pa foni, ndipo tonse tikudziwa mayesero amene amabwera pa anthu awiri achichepere amene atalikirana zaka.

Sindikunena kuti mkazi asiye mwayi wake chifukwa ndi mkazi. Kwa zaka zambiri ndife amayi amene tinkasiya sukulu ndi ntchito kutsatira abambo kumene atumizidwa, ndipo palibe amene ankatifunsa. Chimene chinali cholakwika pa ife sichingakhale cholondola tikachitembenuzira kwa mkamwini. Pa guwa awiriwa analonjezana kukhala thupi limodzi. Ntchito ziwirizo ndi za nyumba imodzi, ndipo imene idikire ndi imene itsogole ayenera kugwirizana okha, momveka, ndi nthawi yake: zaka zingati, ana abadwire kuti, mwamuna adzayambirenso liti maphunziro ake, ndani azisamala makolo a mbali zonse ziwiri.

Pano ndiye pamene ife amayi timalakwitsa kawirikawiri. Mwana asananyamuke tayamba kale kumanga nyumba ya malata m'mutu, tagawa kale fizi ya ang'ono ake onse, ndipo pa msonkhano wa amayi timanena monyadira kuti wanga ali ku UK. Mtsikanayo akalephera mayeso kumeneko, kapena ukwati ukayamba kugwedezeka, amaopa kutiuza. Amagwira maola owonjezera mpaka thupi kutha kuti asatichititse manyazi. Naomi anatha kubwerera kwawo wopanda kanthu, ndipo amayi a ku Betelehemu anamuzindikira. Kodi mwana wathu angathe kubwerera chimodzimodzi osaopa pakamwa pathu?

Tisaiwalenso odwala otsala. Zaka zoyambirira za m'ma 2000 anamwino ambiri anachoka, mawodi anatsala ndi namwino mmodzi usiku wonse, mpaka m'chaka cha 2005 boma, mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund, linawonjezera malipiro a ogwira ntchito za umoyo ndi 52 peresenti kuti asachoke. Zipatala za mpingo wathu, monga St Anne's ku Nkhotakota, St Martin's ku Malindi ndi St Peter's ku Likoma, zimadalira ana omwewa. Ngati mwana anaphunzira pa thandizo la boma kapena la mpingo ndipo anasaina kuti adzagwira ntchito zaka zakuti, ayambe wakwaniritsa lonjezolo. Zaka zimenezo sizitayika, pakuti namwino amene wazolowera ntchito amapita ndi luso, ndipo banja limapeza nthawi yokonzeka.

Pokambirana m'magulu, mayi aliyense aganize za mtsikana mmodzi wa mu parishi mwake amene ali pa mphambano imeneyi. Kodi ankhoswe a mbali zonse ziwiri akudziwa, kapena adzangomva galimoto itapita ku bwalo la ndege? Kodi mkamwini wafunsidwa payekha, popanda apongozi pafupi, kuti anene zakukhosi? Ngati ana atsala ndi agogo, ndani wa ife aziwayendera? Amayi otsogolera gulu apemphenso abambo wansembe kuti aliyense wonyamuka amulembere kalata yomudziwitsa ku mpingo wa Anglican wa kumene akupita, ndipo mlembi asunge maina a amene ali kunja kuti tiziwatchula pa mapemphero a Lachinayi.