Phunziro la ku Niagara: Mmene Mathithi Amagonekera Alendo

Mathithi a Niagara ali m'malire a dziko la Canada ndi la United States, pa mtsinje wa Niagara umene umachotsa madzi m'nyanja ya Erie n'kukawathira m'nyanja ya Ontario. Chaka chilichonse kumafika alendo mamiliyoni ambiri. Komatu mathithi, ngakhale atakongola chotani, munthu akhoza kuwaona n'kukhutira m'maola awiri okha. Akale anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlendo wobwera m'mawa n'kuchoka masana amasiya ndalama zochepa, pamene wogona amalipira chipinda, chakudya chamadzulo, cham'mawa ndi galimoto yomuyendetsa. Phunziro la m'kope lino likufotokoza zimene anthu a ku Niagara anachita kuti mlendo azidikira mpaka usiku, ndiponso zimene mawadi okhala ndi malo okopa alendo angatolepo.

Maonekedwe a malowo

Dzina lakuti Niagara limaimira mathithi atatu oyandikana: Horseshoe Falls, American Falls ndi Bridal Veil Falls. Aakulu pa onsewo ndi a Horseshoe, opindika ngati chilembo cha U, pamene madzi amagwa kuchokera pamtunda wa mamita pafupifupi 57. Madzi ochuluka a mtsinjewo amadzera pamenepa. Kutalika kwake si kodabwitsa kwenikweni, pakuti mathithi a Manchewe a kufupi ndi Livingstonia ndi ataliatali kuposa apa. Chimene chimachititsa kakasi ndi kuchuluka kwa madzi, mkokomo wake, ndi nkhungu imene imakwera m'mwamba n'kupanga utawaleza dzuwa likawala. Masana alendo amavala majasi a pulasitiki n'kukwera maboti opita kufupi ndi pogwera madzi. Maboti otchedwa Maid of the Mist anayamba kuyenda pamtsinjewo mu 1846.

Zinthu zitatu zimene anthu anagwirizana

Choyamba ndi malo. Zaka za m'ma 1800, m'mphepete mwa mathithiwo munadzaza zigayo, mafakitale ndi mipanda ya anthu amene anagula malowo, moti mlendo ankalipira eni mipandayo kuti angoona madzi. Anthu ena, kuphatikizapo Frederick Law Olmsted, katswiri wokonza mapaki, anachita kampeni yoti malowo abwerere m'manja mwa anthu onse. Mu 1885 boma la New York linakhazikitsa paki kumbali yake, ndipo m'chaka chomwecho chigawo cha Ontario chinakhazikitsa bungwe limene lero limatchedwa Niagara Parks Commission. Bungweli limayendetsa ntchito zake ndi ndalama zimene limapeza kwa alendo, koma kuima m'mphepete n'kumaona mathithiwo ndi kwaulere.

Chachiwiri ndi madzi. Mtsinje womwewo umapukusa makina a magetsi, ndipo mu 1896 magetsi a ku Niagara anafika mumzinda wa Buffalo. Panali chiopsezo chakuti madzi ambiri azipatutsidwira ku makina, mathithi n'kutsala owonda. Choncho mu 1950 mayiko awiriwo anasainirana pangano. Panganolo limati m'nyengo ya alendo, kuyambira Epulo mpaka Okutobala, madzi ogwa pa mathithiwo masana asachepere malita pafupifupi 2.8 miliyoni pa sekondi iliyonse. Amenewa ndi migolo ya malita 200 yoposa 14,000 pa sekondi imodzi. Pakati pa usiku ndi m'nyengo yozizira, mlingowo umatsika ndi theka kuti madzi ena akapange magetsi. Mwa njira imeneyi wamagetsi ndi wokopa alendo anagawana mtsinje umodzi popanda wina kumeza mnzake.

Chachitatu ndi kuwala. Mathithiwo anawalitsidwa koyamba usiku mu 1860, pamene mwana wa Mfumukazi Victoria anakacheza kumeneko. Mu 1925 panakhazikitsidwa bungwe la mbali zonse ziwiri loyang'anira nyali, lotchedwa Niagara Falls Illumination Board, ndipo mu 2016 nyali zakale zinalowedwa m'malo ndi za LED zosadya magetsi ambiri. Mdima ukagwa madziwo amasintha mitundu, pena ofiira, pena obiriwira. M'miyezi yofunda amaonjezerapo makombola okongola a mumlengalenga, amene amaphulitsidwa pamwamba pa chigwembe cha mtsinjewo nthawi ya 10 koloko usiku. Chionetserocho chimatenga mphindi zochepa chabe ndipo n'chaulere, koma amene wachidikira sangayambenso ulendo wautali usiku umenewo. Amadya komweko, n'kugona komweko.

Kujambula makombola pa mathithi

Alendo ambiri amafuna kubwerera kwawo ndi chithunzi chimene madzi owala ndi makombola zaonekera pamodzi. Ambiri amalephera chifukwa cha phuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchitoyi imayamba dzuwa lisanalowe.

Wojambula wanzeru amafika msanga n'kusankha poima. Kumbali ya Canada anthu amakonda kuima mu Queen Victoria Park kapena kukwera nsanja ya Skylon Tower, pamene kumbali ya United States amasonkhana pa Prospect Point. Asanakhazikike amaona kumene mphepo ikulowera, chifukwa mphepo ikamabwera kwa iye imam'bweretsera nkhungu ya madzi ndi utsi wa makombola. Amasunga kansalu kouma m'thumba kuti azipukuta galasi la kamera pafupipafupi, pakuti kadontho kamodzi kokha kamaononga chithunzi chonse.

Usiku kamera imafuna nthawi yotalikirapo kuti imwe kuwala kokwanira, ndipo pa nthawi yonseyo siyenera kugwedezeka. N'chifukwa chake imaikidwa pa choimikira cha miyendo itatu. Wojambula amatsitsa ISO kufika pa 100, amachepetsa kabowo kolowera kuwala kufika pa f/8 kapena f/11, n'kulola kachitseko ka kamera kukhala kotseguka masekondi awiri kapena anayi. Akatero, kombola lililonse limajambulika ngati duwa la mizere yowala, ndipo madzi ogwa amaoneka osalala ngati nsalu. Kamera akaisiya kuti idzifunire yokha poyang'ana imasokonezeka mumdima, choncho amailunjikitsa ndi dzanja pa chinthu chakutali n'kuisiya pomwepo. Fulashi amazimitsa, chifukwa kuwala kwake sikufika patali ndipo kumangowalitsa nkhungu yapafupi. Zithunzi zoyera bwino zimatuluka pa makombola oyambirira, utsi usanadzaze mumlengalenga.

Amene ali ndi foni yokha asataye mtima. Aitsamiritse pa chitsulo cha m'mphepete, asankhe njira yojambulira usiku, ndipo atchere kuti ijambule yokha pakapita masekondi angapo kuti chala chisaigwedeze. Luso lomweli limagwira ntchito pojambula msonkhano wa usiku, magule ovinidwa pamoto, kapena nyali za asodzi panyanja.

Zimene mawadi angatolepo

Phunziroli silikulimbikitsa kuphulitsa makombola pa mathithi a m'dziko muno. Makombola ndi odula, amaopsa nyama, ndipo m'chilimwe kamoto kamodzi kakhoza kupsereza phiri lonse. Chofunika kutengera ndi ndondomeko imene anthu a ku Niagara anatsata: anayamba ndi kuteteza malo, kenako madzi, n'kumalizira ndi zosangalatsa za usiku.

Maboma angapo ali ndi chuma cha mtundu umenewu. Kuli Dziwe la Nkhalamba ku Mulanje, mathithi a Williams pa phiri la Zomba, a Manchewe ku Rumphi, ndi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, pamenenso madzi amapanga magetsi. M'mawadi ena muli akasupe otentha, mapanga ndi mapiri zimene anthu akunja sanazimvepo. Malo ozungulira zinthu zoterezi akagulitsidwa pang'onopang'ono kwa anthu paokha, tsiku lina ana a m'mudzi adzaletsedwa kufika pamene makolo awo ankasamba. Mitengo ya kumtunda ikatha ndi makala, madzi adzachepa m'chilimwe ndipo sipadzakhalanso chojambula. Zinthu ziwirizi zikatayika sizibwerera msanga.

Malo ndi madzi zikatetezeka, funso la madzulo limakhala losavuta. Njira yolambulidwa bwino, chimbudzi chaukhondo, nyali zoyendera dzuwa, achinyamata odziwa mbiri ya malowo, amayi ophika chakudya chabwino, magule ndi nthano za pamoto pa tsiku ndi ola lodziwika, zonsezi zikhoza kugoneka mlendo. Chinsinsi cha ku Niagara n'chakuti mlendo amadziwiratu ola limene chionetsero chiyambe. Achinyamata amene aphunzira kujambula bwino ndi foni angathandize kuti malo a kwawo adziwike kudzera pa Facebook ndi WhatsApp.

Mafunso okambirana m'makomiti a chitukuko

1. Kodi m'wadi muno muli malo ati amene alendo amafikapo kapena angafikepo, ndipo malo ozungulirapo ali m'manja mwa yani?
2. Kodi madzi kapena mitengo ya pamalopo yasintha motani m'zaka khumi zapitazi?
3. Mlendo akafika masana, n'chiyani chingamuchititse kuti agone?
4. Nanga ndalama zimene angasiye zingagawidwe bwanji kuti mudzi wonse upindule?

Makomiti a VDC akulimbikitsidwa kukambirana mafunsowa pamodzi ndi mafumu, n'kupereka mfundo zawo ku ADC ndi kwa khansala wa wadi yawo, kuti zikaganiziridwe pokonza mapulani a chitukuko a khonsolo.