Chuku, Mphepo ndi Chifuwa cha Mphumu

Chaka ndi chaka, pa nyengo yokolola ndi yotonola chimanga, ku chipatala kumafika anthu odandaula za kuyetsemula kosalekeza, maso oyabwa, ndi kubanika pachifuwa usiku. Ambiri amati mwera wawalowa. Mphepo ili nawodi mlandu, koma osati chifukwa cha kuzizira kwake kokha. Mlandu wina uli pa zimene yanyamula.

Chuku chimene chimagwira chimanga kapena mtedza wosauma bwino ndi chinthu chamoyo, chapachibale ndi bowa. Chimaberekana ndi timbewu tosaoneka ndi maso. Timbewu ta mtundu wotchedwa Aspergillus, umene umakonda zokolola zosungidwa, ndi tating'ono kotero kuti 200 titandandalikidwa pamzere tingakwane pafupifupi milimita imodzi yokha. Fumbi lobiriwira kapena lakuda limene limafuka munthu akakhuthula thumba la chimanga chowola ndilo timbewu timeneti, miyandamiyanda.

Chuku chochuluka chili panja, pa zomera zakufa: mapesi otsala m'munda, udzu, masamba oyoyoka ndi mulu wa manyowa. Kumeneko kumamera mitundu ya Cladosporium ndi Alternaria. Wachiwiriyu alimi amamudziwa ndi ntchito zake, pakuti ndiye amachititsa mawanga ena oderapo pa masamba a matimati ndi fodya, ndipo amadziwikanso poutsa mphumu yoopsa. Pakhomo, chuku chimabisala m'nkhokwe yodontha, m'denga la udzu lokalamba ndi pakhoma lachinyezi.

Timbewu iti tilibe mapiko, timayembekeza mphepo. Mame akauma, dzuwa litakwera, timathothoka mosavuta, ndipo masana otentha ndi amphepo ndiwo amatidzaza mumlengalenga. Tochuluka timagwa pafupi ndi pamene tachokera. Koma mpweya wotentha, monga wa kamvuluvulu wa mu Okutobala, umakweza tina m'mwamba ndithu, kumene timayenda ulendo wautali. Katswiri wa ku England, J. M. Hirst, amene m'chaka cha 1952 anapanga makina otcherera timbewu ta mumpweya, pambuyo pake anatipeza ndi ndege pamwamba pa nyanja ya North Sea, kutali ndi munda uliwonse. Choncho munthu angadwale ngakhale pakhomo pake pali posesedwa bwino.

Mvula nayo ili ndi mbali ziwiri. Madontho oyamba amamenya masamba ndi kuulutsa timbewu, koma mvula ikakhalitsa imatsuka mpweya. Ikakata, bowa ndi abale ake okonda chinyezi amatulutsa timbewu tawo, makamaka usiku ndi mbandakucha.

Aliyense amapuma timbewu timeneti tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri samva kanthu. Koma thupi la anthu ena limatiyesa mdani: mphuno imatuluka mamina, njira za mpweya zimatupa ndi kuchepa, munthu n'kumalira pachifuwa ngati kamwana ka mphaka. Vutoli limayenda m'magazi a banja, koma silipatsirana, ndipo si matsenga.

Mphepo palibe angaimange, koma fumbi lapafupi ndilo loopsa koposa, ndipo limapeweka. Wopeta aime kumene mphepo ikuchokera, kuti fumbi lipite kutali ndi nkhope yake. Mwana asakhale kumbuyo pa ntchito imeneyi. Mwana wa mphumu asatumidwe kulowa m'nkhokwe kapena kudikira ufa m'kati mwa chigayo. Matumba a chimanga asasungidwe m'chipinda chogona. Nsalu yophimba mphuno imathandiza pang'ono chabe, chifukwa timbewu tochepetsetsa timadutsa. Chachikulu ndi kuumitsa zokolola bwinobwino zisanasungidwe, kufolera denga mvula isanayambe, ndi kuwaza madzi pansi posesa.

Komabe chifuwa chilichonse chisanamiziridwe chuku. Amene wakhosomola milungu iwiri ayenera kupimitsa makhololo, poopa chifuwa chachikulu cha TB. Amene anachira TB nayambanso kukhosomola magazi kapena kuwonda abwerere ku chipatala, pakuti Aspergillus amatha kumera m'mabowo amene matendawo anasiya m'mapapo. Wodwala mphumu ayende ndi mankhwala ake opopera m'kamwa pa nyengo yonse yokolola. Ngati wabanika mpaka kulephera kumaliza mau polankhula, achibale amutengere ku chipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, osadikira kuti kuche.