Mwezi wa 13: Kuyenda ndi Banja Lothawa Kwawo Mpaka Liime Palokha

Abwenzi, m'phunziro lino tiona zimene anthu wamba a ku Canada akhala akuchita kwa zaka zoposa 40 polandira mabanja othawa nkhondo. Tiwerenge mosinthana, ndime ndi ndime, ndipo tikafika pa funso tiime kaye kuti aliyense anenepo maganizo ake.

Mmene zinayambira

Mu Novembala 1978 sitima yakale yonyamula katundu, yotchedwa Hai Hong, inaima pafupi ndi gombe la dziko la Malaysia. Munali anthu pafupifupi 2,500 othawa ku Vietnam, ndipo anakanizidwa kutsika. Zithunzi zawo zinaoneka pa wailesi za kanema m'maiko ambiri. Canada inatengako anthu pafupifupi 600, koma amene anali kuthawa pa mabwato anali ochuluka kwambiri, ndipo ambiri anali kuthera m'nyanja.

Nthawi imeneyo lamulo latsopano la Canada loona za anthu olowa m'dzikomo, limene linavomerezedwa mu 1976, linali litangoyamba kugwira ntchito. M'lamulomo munali chilolezo chakuti bungwe, kapena anthu asanu kaya kuposerapo, atenge udindo wosamalira banja lothawa kwawo ndi ndalama za m'thumba mwawo. Mu Malichi 1979 bungwe la Mennonite Central Committee linasainirana ndi boma pangano la ntchitoyi. Mu Juni, mphunzitsi wa pa yunivesite ya York ku Toronto, a Howard Adelman, anasonkhanitsa anzawo n'kuyambitsa gulu la Operation Lifeline, limene linafalikira msangamsanga m'matauni ena. Mu Julaye boma linalengeza kuti lilandira anthu 50,000, ndipo pa munthu aliyense amene magulu a anthu wamba amutenga, nalonso lidzatenga mmodzi. Pofika kumapeto kwa 1980 anali atafika pafupifupi 60,000, ndipo oposa theka analandiridwa ndi magulu odziperekawa. Mu 1986 bungwe la UNHCR linapereka mendulo ya Nansen kwa anthu onse a dziko la Canada, osati kwa nduna kapena bungwe limodzi.

Tiime apa. N'chifukwa chiyani ntchito imene boma likanatha kuigwira lokha ndi antchito ake inakula chotere itaikidwa m'manja mwa anansi?

Zimene gulu limalonjeza

Gulu likasaina, limalonjeza kusamalira banjalo kwa miyezi 12, kapena kufikira litadzidalira ngati zimenezo zachitika chaka chisanathe. Limakawachingamira ku bwalo la ndege. Limapeza nyumba ndi kulipira lendi, kusonkha mipando, mapoto ndi zofunda, ndiponso majekete okhuthala ndi nsapato zoyendera pa chipale chofewa, pakuti kuzizira kwa kumeneko sikufanana n'komwe ndi kwa Juni ku Dedza. Ana amalembetsedwa sukulu, akulu amalowa makalasi a Chingerezi kapena Chifalansa. Wina amawaperekeza kubanki kukatsegula akaunti, wina kwa dokotala, wina amakwera nawo basi kangapo mpaka atadziwa poikwerera ndi potsikira.

Zonsezi n'zotopetsa, koma si zimene zimavuta kwenikweni. Anthu amene agwira ntchitoyi amakonda kukamba za "mwezi wa 13", mwezi woyamba pambuyo poti lonjezo latha. Mwezi umenewo lendi imafunikabe, ana amafunabe chakudya, ndipo nthawi zambiri banjalo limakhala likubweza ngongole ya matikiti a ndege imene boma linawakongoza. Ngati palibe amene wapeza ntchito, banjalo limayamba kulandira chithandizo cha boma cha anthu osowa. Chimene chimaonetsa ngati gulu linagwira bwino ntchito si kukongola kwa nyumba imene linakonza pa tsiku loyamba, koma zimene banjalo likutha kuchita lokha mwezi umenewu.

Pamene chifundo chimapunthwa

Tiyerekeze banja la bambo, mayi ndi ana atatu. M'gulu lowalandira muli mayi wina wopuma pa ntchito amene ali ndi galimoto ndi nthawi yambiri. Tsiku lililonse amawatenga kupita nawo kusitolo, kuchipatala, kusukulu. Foni ikalira ya kusukulu amayankha ndi iye. Makalata a boma akafika amawerenga ndi kuyankha ndi iye. Banjalo limamukonda, nayenso amalikonda ndi mtima wonse. Pofika mwezi wa 10, mayi wa m'banjamo sanakwerepo basi yekha ndipo sanayankhulepo ndi aphunzitsi a mwana wake popanda wina pakati.

Kodi wodziperekayu analakwa? Tisafulumire kumuweruza, chifukwa ambiri a ife ndi mmene timathandizira. Kumuchitira munthu chinthu kumatenga mphindi 10. Kuima pambali pake iye akuchita yekha, akulakwitsa, akuyambanso, kumatenga ola lathunthu ndipo kumafuna kudziletsa. Komanso tinene zoona: kufunidwa n'kokoma. Munthu akamatiimbira foni pa chilichonse timamva kuti ndife ofunika, ndipo mosazindikira tikhoza kuchedwetsa tsiku limene sadzatifunanso.

Nkhani ya ndalama ndiyo imakanganitsa kwambiri. Gulu linasonkha movutikira, ena anagulitsa zophikaphika kuti ndalamayo ikwane, ndiye likumva kuti banjalo latumizako gawo lina kwa abale amene anatsala ku msasa. Ena m'gulumo amakwiya: ndalamayo inali ya lendi ndi chakudya. Koma ife amene timadziwa tanthauzo la kukhala ndi m'bale ku Joni kapena ku Britain sitingadabwe. Munthu angadye bwanji katatu pa tsiku mayi ake akugona ndi njala? Apa palibe woipa. Chimene chinasowa ndi kukambirana koyambirira. Magulu amene aphunzirapo amakhala pansi ndi banjalo sabata zoyambirira, womasulira ali pomwepo, n'kuika zonse poyera: ndalama ilipo ndi iyi, lendi ndi iyi, magetsi ndi awa, chotsala ndi ichi, ndipo chidzatha mwezi wakutiwakuti. Kenako banjalo limasankha lokha mmene ligwiritsire ntchito chotsalacho. Nthawi zina limasankha zimene gulu silikanasankha. Pamenepo m'pamene gulu limayesedwa ngati limaona bambo ndi mayi aja ngati akulu a pakhomo pawo kapena ngati ana oleredwa.

Palinso funso la ntchito. Kafukufuku wa ku Canada wakhala akuonetsa kuti othawa kwawo amene analandiridwa ndi magulu a anthu wamba amapeza ntchito msanga kusiyana ndi amene amasamalidwa ndi boma lokha. Chifukwa chimodzi n'chodziwikiratu: wodzipereka amadziwa mwini galaja kapena kapitawo wa pa fakitale, ndipo mawu ake amatsegula khomo limene kalata yofunsira ntchito sikanatsegula. Chifukwa china n'chakuti amene boma limatenga kawirikawiri ndi ovutikitsitsa, pamene ambiri otengedwa ndi magulu amakhala ndi abale kale m'dzikomo. Koma kupeza ntchito msanga kulinso ndi mtengo wake. Munthu amene wasiya kalasi ya chiyankhulo mwezi wachitatu kuti akayambe ntchito yokolopa usiku akhoza kukhala pa ntchito yomweyo zaka zambiri, ngakhale kwawo anali mphunzitsi kapena namwino, popeza mapepala a sukulu a kwawo nthawi zambiri savomerezedwa msanga. Gulu limene likungowerenga miyezi yotsala lingamukankhire ku ntchito iliyonse. Gulu limene lamufunsa kuti akufuna kudzakhala pati zaka zisanu zikubwerazo limayenda naye mosiyana.

Tikambirane: pa zitsanzo zitatuzi, cha galimoto, cha ndalama ndi cha ntchito, ndi pati pamene ife tikanapunthwa?

Kalumo ka mlendo

Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma banja lothawa nkhondo si mlendo wotero, labwera kudzakhala. Mwambi woyenera apa ndi wina uja wakuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Banja la a Hadhad linali ndi fakitale ya chokoleti ku Damascus, m'dziko la Syria. Fakitaleyo inaphulitsidwa ndi bomba mu 2012, ndipo banjalo linathawira ku Lebanon kumene linakhala zaka pafupifupi zitatu. Mwana wawo Tareq anafika ku Canada kumapeto kwa 2015, enawo n'kumutsatira kuchiyambi kwa 2016. Analandiridwa ndi gulu la anthu odzipereka ku Antigonish, tauni ya anthu osafika 5,000 m'chigawo cha Nova Scotia. Bambo Hadhad sankadziwa Chingerezi, koma manja awo sanaiwale ntchito. Anayamba kupanga chokoleti m'khitchini ya nyumba yawo n'kumagulitsa pamsika wa alimi. Anthu a m'taunimo ataona kuti khitchini yachepa, anasonkhana ndi zida zawo n'kuwathandiza kumanga kanyumba kogwiriramo ntchito. Mu Meyi 2016 moto wolusa utatentha tauni ya Fort McMurray ku Alberta, banjali linapereka phindu la malonda ake kuthandiza amene nyumba zawo zinapsa. Anali asanathe ngakhale theka la chaka m'dzikomo. Kampani yawo, Peace by Chocolate, inakula n'kuyamba kulemba ntchito anthu a m'tauni yomwe inawalandira.

Tizindikire kuti odziperekawo sanaphunzitse a Hadhad kupanga chokoleti, ndipo sanawasankhire chochita. Anaona luso limene linalipo kale n'kuchotsa zimene zinali kulitchinga. Tisaiwalenso kuti si banja lililonse limene nkhani yake imatha chonchi. Alipo agogo amene chiyankhulo chatsopano chimawakanika mpaka kalekale, ndi abambo amene zimene anaona kunkhondo zimawasowetsa tulo moti sangagwire ntchito chaka choyamba. Kwa oterewa kudzidalira kungakhale kudziwa kupita okha kuchipatala, kapena kukhala ndi mnansi mmodzi amene angamugogodere pakhomo popanda manyazi.

Ntchito imeneyi imafikanso kwathu kuno. Kuyambira 1978 bungwe la World University Service of Canada limathandiza achinyamata othawa kwawo kukaphunzira m'mayunivesite a ku Canada, ndipo ena mwa iwo amasankhidwa ku msasa wa Dzaleka m'boma la Dowa. Amene amawalandira kumeneko ndi ophunzira anzawo. Pa sukulu zambiri aliyense amasonkha kandalama kochepa pamodzi ndi fizi, ndipo kagulu ka ophunzira kamatenga udindo wa miyezi 12 womwe uja. Mnyamata kapena mtsikana amene dzulo anali kutunga madzi pa mjigo wa ku Dzaleka amakachingamiridwa ndi anzake a msinkhu wake, ndipo chaka chotsatira ena mwa iwo amalowa m'kagulu komweko kukachingamira amene akubwera pambuyo pawo.

Tisanatseke, aliyense aganizire banja limodzi limene lafika kumene m'mudzi kapena m'dera lathu, kaya lachokera kunja kwa dziko, kaya lasamutsidwa ndi madzi osefukira. Kodi tikudziwa ntchito imene bambo kapena mayi a m'banjamo ankagwira kwawo? Ngati sitikudziwa, ndani mwa ife apite kukawachezera sabata ino, ndipo tikadzakumananso adzatiuze zimene wamva?